Diwa Logwirira Ndege

Tsiku limene Gerevazio anathamangitsidwa ku ukwati, anthu anachita kumukoka miyendo kuti atuluke pansi pa nkhokwe.

Zinachitikira m'mudzi wina kufupi ndi Bembeke, m'chaka cha 1917. Anali masana, amayi akupuntha nyemba pabwalo. Njuchi zosamuka zinadutsa pamwamba pa nyumba, zili wuu! Aliyense anangowerama pang'ono n'kupitiriza ntchito yake. Koma Gerevazio, bambo wa ndevu zake, anataya khasu n'kudziponya pansi pa nkhokwe ya apongozi ake akukuwa kuti, "Ndege! Bisalani, ndege!"

Ana anaseka mpaka kugwa. Mwana wake wamkazi, Aginesi, sanaseke. Anabisa nkhope m'nsalu ya mayi ake n'kuyamba kulira.

Inu owerenga amene lero mukapita kuchionetsero cha ndege mumangokweza foni m'mwamba n'kujambula uku mukutafuna chimanga chootcha, dekhani mumve. Nthawi imeneyo m'mudzimo munalibe munthu amene anamvapo mawu akuti ndege.

Gerevazio anali atangobwerako kunkhondo ya Ajeremani. Sanapite ngati msilikali ayi. Anagwidwa utengatenga, ntchito yosenza mabokosi a asilikali pamutu kulowera kumpoto. Tsiku lina akuwoloka mtsinje wodzaza, kuseri kwa phiri kunatulukira chinthu cha mapiko osanjikizana, chikubangula, m'kati mwake muli munthu akusuzumira pansi. Asilikali ankachidziwa, ndiye anangochikwezera manja. Atengatenga anabalalika m'madzi momwemo. Alufeo, mnzake yekhayo wochokera kwawo, anakokoloka ndi katundu ali pamutu. Gerevazio anamenyetsa phewa pamwala, ndipo mkono wake wamanzere sunabwererenso mwakale.

Atafika kumudzi anafotokoza zonse monga momwe anazionera. Kalanga ine, bola akanangokhala chete!

"Munthu m'mwamba? Atakhala pa chiyani?"

"Nanga akafuna kutaya madzi amatsikira pati?"

Mboni yake inali itapita ndi mtsinje. Ndiye anthu akamuona akunjenjemera ndi bingu, kapena akuthawa njuchi, ankangogwedeza mitu n'kunena kuti nkhondo yamuzunguza bongo.

Gerevazio anali mkamwini, ndiye kuti ankakhala kwawo kwa mkazi wake Jesinta. Mwini mbumba anali a Petulo, amalume ake a Jesinta. Sanali munthu woipa mtima. Anali munthu wokhulupirira chokhacho chimene maso ake aona ndi chimene manja ake agwira. Tsiku la njuchilo anamukhazika pansi mkamwini wawo, fumbi la pansi pa nkhokwe likadali m'tsitsi.

"A Gerevazio, ukwati wanu anadalitsa ndi ansembe, ine sindingaumasule. Koma mbumba ndi yanga. Mwanayu akukula ndi mantha. Pitani mukachire kaye."

"Sindikudwala ine, amalume. Ndinaiona."

"Chabwino. Tsiku limene mudzationetse chimene munaonacho, mudzabwere. Mukadzabwera chimanjamanja, musadzaponde pabwalo pano."

Jesinta anamukulungira mbatata zootcha m'kansalu n'kumuperekeza mpaka pamphambano. Pamenepo anayankhula mawu ochepa.

"Kaya munaiona, kaya simunaione, ine sindikudziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti musanapite kunkhondo simunkanama."

Kwawo kwa Gerevazio kunalibenso munthu, makolo anatha kalekale. Analowera kumishoni kukapempha ntchito. Anayesa kuumba njerwa, mkono unakana. Anayesa kucheka matabwa, unakananso. Chimene chinatsala ndi mutu ndi khosi, zomwe nkhondo inazilimbitsa ngati mtondo.

Kumishoniko kunali wansembe wina wachizungu amene anthu ankamutcha Bambo Kandevu, chifukwa pakati pa ansembe anzake a ndevu zofika pachifuwa, zake zinali ngati za mbuzi yaing'ono. Bamboyu anali ndi bokosi lojambulira zithunzi, lolemera, loima pa miyendo itatu, lofundidwa nsalu yakuda. Ankafuna munthu wolisenza akamayendera midzi. Gerevazio analisenza.

Posenza pomwepo anayamba kuphunzira. Anaona kuti chithunzi chimagwidwa pa galasi lopakidwa mankhwala, lomwe siliyenera kuona kuwala mpaka nthawi yake. Anaphunzira kutsuka magalasiwo m'kachipinda kamdima. Anaphunziranso lamulo la Bambo Kandevu: anthu akaima, uwauze kuti asagwedezeke, uchotse chotsekera padiso la bokosi, unene pemphero la Tikuoneni Maria mumtima mpaka kumapeto, kenako utseke. Bamboyo analibe wotchi yodalirika, ndiye pempherolo ndilo linali muyeso wake. Maukwati, maubatizo, ana asukulu, onse ankajambulidwa ndi Tikuoneni Maria mmodzi.

Wansembeyo atamva nkhani ya wantchito wake, anayenda yekha kukaona a Petulo. Anawauza kuti ndege ziliko ndithu, ku Ulaya anthu akuuluka. A Petulo anamvetsera mwaulemu, chipewa chili m'manja.

"Zikomo, Abambo. Mumatiuzanso za Eliya amene anakwera kumwamba pa galeta lamoto, ndipo timavomera kuti amen. Koma Eliya salowa pansi pa nkhokwe yanga."

Bambo Kandevu anabwerera kumishoni.

Mvula itatha, wansembeyo anatumidwa kuchigwa, kumsasa wina wa asilikali, kukapempherera atengatenga odwala. Gerevazio anasenza bokosi, natsetsereka naye mapiri mpaka kudziko lotentha. Atafika kumsasako, Gerevazio anatula bokosi n'kuyang'ana. Kumapeto kwa bwalo lalitali lolambulidwa bwino kunali chinthu chija, chitangokhala phee ngati nkhuku yofungatira.

"Ijambule ili pansi pomwepo," anatero wansembe. "Mkulu wa asilikali walola."

"Ayi, Abambo. Ili pansi ndi ngolo chabe. Amalume adzati ndi ngolo ya mapiko. Ndikufuna ili m'mwamba."

Bambo Kandevu anali ndi odwala ambiri omudikira. Anamupatsa galasi limodzi n'kulowa m'mahema, osaganizanso za nkhaniyo.

Mmawa mwake ndege inalira. Thupi lonse la Gerevazio linamuuza kuti agone pansi, koma anakumbatira mwendo wa bokosi. Itadzuka m'mwamba, anachotsa chotsekera n'kuyamba pemphero lake. Ndege inadutsa kutsogolo kwa bokosi pemphero lisanafike pakati. Iye anapitiriza mpaka amen, monga anaphunzirira, n'kutseka. Mumtima anati basi, yalowa. Inadutsa diso lili chitsegukire, ikanathawira kuti?

Apa ndi pomwe munthu wathu anapupuluma. Pobwerera, galasi lisanatsukidwe n'komwe, anaima kumalire a mudzi wa mkazi wake n'kutuma mawu kwa a Petulo kuti Lamulungu likubwerali, Misa ikatha, abwere kumishoni adzaone ndege ndi maso awo.

A Petulo anabwera. Jesinta anabwera, Aginesi ali kumbuyo kwake. Kunabweranso ena osaitanidwa, paja zoseketsa sizisowa mboni. Gerevazio analowa m'kachipinda kamdima, natsuka galasi, natuluka nalo likudontha madzi. Analikweza kudzuwa.

Mitengo inalipo. Hema linalipo. Phiri lakutali linalipo. Pamene panayenera kukhala ndege panalibe kanthu, ngakhale kadontho.

A Petulo analiyang'ana galasilo nthawi yaitali.

"Mtengo ndauona. Phiri ndaliona. Paja mumati bokosi la azungu silinama?"

Sanaseke, anangovala chipewa. Anthu ena aja ndiwo anaseka. Jesinta anagwira pakamwa, natenga mwana wake n'kumapita osacheuka. Kuchokera tsiku limenelo, nayenso anasiya kufunsa za mwamuna wake kwa anthu opita kumishoni. Ichi ndicho chinamupweteka Gerevazio kuposa phewa lija.

Bambo Kandevu anamva chisoni, ndipo anavomera kuti anayenera kumuchenjeza.

"Galasi limagwira chokhacho chimene chaima, mwana wanga. N'chifukwa chake timauza anthu kuti asagwedezeke. Chothamanga chimadutsa osasiya phazi."

"Ndiye ndani angaiuze ndege kuti isagwedezeke?"

"Ku Ulaya kuli mabokosi okhala ndi kachitseko kophethira kokha ngati chikope. Langali n'lakale. Ndipo ndi nkhondoyi, palibe sitima yotibweretsera."

Gerevazio analeka kukhudza bokosi. Anapempha ntchito yolondera munda wa tirigu wa mishoni, komwe kunalibe womufunsa mafunso. Mbewa zinkavuta m'mundamo, ndiye anayamba kutchera maliwa monga ankachitira ali mwana. Diwa mukulidziwa: mwala waphwatalala wotsamira pa kamtengo, pansi pake nyambo.

Mmawa wina atakhala pamzere akuwothera dzuwa, anaona mbewa ikuthamangira ku diwa lina. Inali yachangu moti diso silinkaitsata. Inangokhudza nyambo, mwala uli phwa! Gerevazio anakhala akuyang'ana mwalawo. Diwa siliuza mbewa kuti ima kaye. Limangogwa msanga kuposa mbewayo.

Anadzuka n'kupita kukapempha chitini chakale cha palafini.

Anadula kachidutswa ka chitinicho kotalika ngati chikhatho ndi theka, nakaboola pakati. Anapanga kanjira ka timatabwa tiwiri kuti kachitiniko kazitsetserekamo kuchokera m'mwamba, kutsogolo kwa diso la bokosi. Kakakhala m'mwamba, diso n'lotseka. Kakamagwa, bowo lija limadutsa padiso kamphindi ka kuphethira, kenako diso latsekekanso. Chogwiriza kachitiniko chinali kamtengo komangidwa chingwe, chimodzimodzi diwa.

Bambo Kandevu atachiona anaseka mpaka kutsokomola. Kenako analeka kuseka, nachitembenuza uku ndi uku.

"Magalasi atsala ochepa. Sindingakupatse athunthu oti uziseweretsa."

Koma usanathe mlungu analowa m'kachipinda kamdima ndi chodulira magalasi a mawindo, nadula galasi limodzi m'tizidutswa ting'onoting'ono. Anamupatsa tizidutswato.

Ndege yoyesera panalibe. Zimene zinalipo ndi akhwangwala, omwe kumapiri a Dedza sasowa. Gerevazio ankamwaza madeya kuseri kwa khola la nkhumba n'kuima ndi bokosi lake. Anthu opita kumsika ankaima panjira n'kumakodolana.

"Uja wa ndege uja tsopano akujambula akhwangwala!"

Kachidutswa koyamba kanatuluka kopanda chilichonse, chifukwa kuwala kunalowa kochepa. Wansembe anamuonetsa mmene angakulitsire bowo la m'kati mwa diso la bokosi. Kachiwiri kanatuluka ndi mzere ngati wa makala pakhoma. Ndiye kuti kachitini kankagwa mochedwa. Anakamangirira kamwala kuti kalemere. Kenako kunabwera miyezi yozizira, nkhungu n'kukuta mapiri, chiperoni chili waa, dzuwa osaoneka. Anadikira. Zala zikuuma ndi chisanu ankangoyeseza kukoka chingwe, m'bokosi mulibe galasi.

M'kudikira momwemo anazindikira chinthu china. Khwangwala wodutsa cham'mbali amathamanga koopsa, koma wobwera molunjika kwa iwe amaoneka ngati walendewera malo amodzi, akungokula. Anasiya kuima m'mbali mwa madeya, nayamba kuima kumene mbalamezo zinkayang'ana potera.

Dzuwa litabwerera, kachidutswa kena kanatuluka ndi khwangwala wathunthu, mapiko ali tambasu, nthenga zakunsonga zikuwerengeka, miyendo isanagunde pansi. Bambo Kandevu anakayang'ana, navula magalasi a m'maso, nawapukuta, nakayang'ananso. Gerevazio sanauze munthu wina aliyense.

Kumapeto kwa 1918 kunamveka kuti nkhondo yatha. Uthenga unafikanso kumishoni kuti asilikali a kumsasa kuja aitana mafumu ndi anthu awo kuti adzaonerere ndege ikuuluka komaliza. Ikatera aimasula, aiike m'mabokosi, ibwerere kwawo. Ikapita imeneyo, kaya ina idzabwera liti, panalibe wodziwa.

Bambo Kandevu anali chigonere ndi malungo. Anaitana Gerevazio pafupi ndi bedi.

"Galasi lathunthu latsala limodzi. Tenga, ndi bokosi lomwe. Ukaliswa waswa, ine sindidzakufunsa."

Gerevazio anatsetsereka mapiri yekha, bokosi pamutu, kachitini kake atakakulunga m'nsalu ija ya mbatata.

Tsiku la chionetsero anthu anadzaza m'mbali mwa bwalo, mafumu atakhala pamipando kutsogolo. Aliyense ankalimbirana malo apakati. Gerevazio anawadutsa onse n'kupita kumapeto kwenikweni kwa bwalo, kumene mphuno ya ndege inaloza. Msilikali wina anamuthamangira.

"Iwe! Ukufuna kufa? Choka pamenepo!"

Anasuntha pang'ono n'kukwera pa chulu chimene chinali pambali. Msilikali anamuyang'ana, nayang'ana bokosi, n'kumusiya.

Ndege inalira, inathamanga, inadzuka, n'kukazungulira kutali. Gerevazio sanakoke chingwe. Inali yaing'ono kwambiri, ikanatuluka ngati ntchentche. Woyendetsa anaitembenuza, ndipo pofuna kusangalatsa anthu anaitsitsa pansi kwambiri, n'kubwera nayo motsata bwalo, molunjika kuchulu.

Phokoso lake linali lomwe lija la pamtsinje. M'makutu mwa Gerevazio munamveka Alufeo akuitana. Mantha sanachoke ayi, tisanamizane. Anali pomwepo, athunthu. Koma chingwe chinali m'dzanja lake lamanja, ndipo anailola ndegeyo kuti ikule, ikule, ikulebe, monga ankachitira ndi akhwangwala.

Anakoka. Kachitini kanangoti kwe!

Mphepo ya ndege inaulutsa nsalu yakuda ija n'kukaikoleka pa mtengo waminga. Iye anali chiimire.

Ulendo uno sanatume mawu kwa munthu. Anakwera mapiri, nadutsa kumalire a mudzi osaima, nakalowa m'kachipinda kamdima. Atatsuka galasi, anasamutsira chithunzicho papepala, nadikira kuti liume. Kenako anasamba, navala malaya ake a kutchalitchi, n'kuyamba ulendo wa kumudzi kumene anamuletsa kupondako.

Anapeza a Petulo akuluka nkhokwe yatsopano pabwalo. Anaima kumapeto kwa bwalo n'kuwomba m'manja.

"Odi, amalume. Sindinabwere chimanjamanja."

A Petulo anapukuta manja m'chiuno n'kulandira pepalalo. Anthu anayamba kutuluka m'nyumba. Jesinta anaima pakhomo, mtsuko uli m'manja.

Ndege inalipo, yadzaza pepala. Mapiko osanjikizana, mawilo ali lende m'malere, pansi pake mpata woti ng'ombe n'kudutsa. Pakati pa mapiko panali mutu wa munthu. A Petulo anaika chala pamutupo, nachichotsa. Kenako chala chinatsikira m'mphepete mwa chithunzi, m'munsi, momwe munaoneka mipando yogubuduzika ndi anthu ambirimbiri atagona chafufumimba, manja kumutu.

"Nanga awa agona pansiwa ndani?"

"Mafumu, amalume. Ndi nduna zawo."

A Petulo anayang'ana nkhokwe yakale ija, nayang'ana mkamwini wawo, nayankhula motsitsa ngati akudziuza okha.

"Wamisala anaona nkhondo."

Sanapepese, akuluakulu a nthawi imeneyo kupepesa kunkawavuta ngati kumeza mwala. Anangotembenukira kukhomo.

"Jesinta, amuna ako aima padzuwa. Kodi m'nyumbamo mulibe mpando?"

Jesinta anatula mtsuko mofulumira moti madzi anatayikira pamapazi ake, n'kuthamangira m'nyumba akupukuta m'maso.

Aginesi anali atakula, mano akutsogolo atagweruka. Nthawi yonseyo anzake ankamutcha mwana wa wamisala. Anasendera pang'onopang'ono, nasuzumira pepala lili m'manja mwa agogo ake a Petulo, nayang'ana bambo ake.

"Ababa, n'chimenechi chimene munkabisala chija?"

"N'chimenecho, mwanangu."

Mwanayo anachiyang'ananso, kenako anagwira dzanja lopuwala lija.

"Inenso ndikanabisala."

Gerevazio, amene sanalire pamtsinje, amene sanalire tsiku lomuthamangitsa, anakhala pansi pabwalo pomwepo n'kulira ngati mwana.

Anabwerera kwa mkazi wake tsiku lomwelo. Magalasi atayambanso kubwera, Bambo Kandevu anamusiyira ntchito yonse yojambula, ndipo anayenda nalo bokosi lija kuyambira Bembeke mpaka Kasina, kujambula maukwati ndi maubatizo. Ana osakhazikika, amene kale ankatuluka opanda nkhope, iye ankawagwira ndi kachitini kake. Njuchi zikadutsa ankadzidzimukabe mpaka ukalamba wake, koma panalibenso womuseka.

Tsono inu amene mukuwerenga, mwina nanunso muli ndi chimene munaona, chimene mukudziwa, koma anthu akukuyesani wozungulira mutu. Mwina munayesapo kuwaonetsa, galasi n'kutuluka lopanda kanthu pamaso pa onse. Gerevazio anatsata lamulo lonse mpaka amen, n'kulephera. Sanataye bokosi, ndipo sanakhale pansi kudikira kachitseko ka ku Ulaya. Anasintha katcheredwe, ndi chitini cha palafini ndi nzeru ya kumunda.

Mtima usagwe, abale anga. Diwa likaphonya, tcheraninso.